Kalata yotseguka: musanalipire malo okuzira msewu, yambani mwaona zomwe zakwiriridwa pansi pake

Kwa Mfumu ya Mzinda wa Blantyre ndi makhansala onse,
akuluakulu a Roads Authority,
Unduna woona za malo,
ndi mabungwe a MEPA (loona za chilengedwe) ndi MERA (loona za mafuta ndi magetsi),

Olemekezeka,

Ndikukulemberani za mathanki a petulo, dizilo ndi parafini omwe anakwiriridwa m'mphepete mwa misewu ya mzinda uno, makamaka pamalo omwe boma limatenga likafuna kukuza msewu. Pempho langa ndi limodzi. Musanapereke chipukuta misozi ndi kulembetsa malowo m'dzina la boma, yambani mwayeza dothi ndi madzi a pansi pake, ndipo zilembedwe poyera kuti ngati munatayikira mafuta, woyeretsa ndi ndani. Ine ntchito yanga yakhala yoika ndi kukonza mapampu, mapaipi ndi mathanki a mafuta, ndipo zomwe ndaziona m'maenje a ntchitoyi sizikundilola kukhala chete. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Misewu yotakata tikuifuna tonse. Aliyense amene amachoka ku Kameza m'mawa kulowera m'tauni, kapena amene amapanikizika ku Limbe madzulo, safunika kumuuza. Msewu wa Masauko Chipembere utakuzidwa ndi thandizo la dziko la Japan tinapumako, ndipo ina iyenera kutsatira. Koma malo omwetsera mafuta amamangidwa dala pafupi ndi phula kuti galimoto ingokhota pang'ono n'kumwa. Choncho msewu ukamafutukuka, oyamba kuwakhudza ndi iwowo: chikwangwani, mpanda, denga, mapampu, kenako zomwe zili pansi pa simenti.

Oyeza mtengo wa katundu akabwera, amawerenga nyumba, mpanda, mitengo ya mango, nthochi ndi bizinesi yomwe isokonekere. N'zoyenera ndithu. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati katundu wa munthu angatengedwe pokhapokha n'cholinga chothandiza anthu onse, mwiniwake atadziwitsidwa mokwanira ndi kulipidwa moyenera, komanso ali ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Komatu zonse zowerengedwazi ndi zomwe mwini malo akutaya. Zomwe boma likusenza potenga malowo siziwoneka ndi diso, chifukwa zili mamita angapo pansi pa nsapato za woyezayo.

Ndiloleni ndifotokoze momwe thanki imadonthera, poti ambiri amaganiza kuti imachita kuphulika kapena kung'ambika. Mathanki akale anali achitsulo, a khoma limodzi. Kunja amadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha chinyezi cha m'nthaka. M'kati namonso mumalowa madzi pang'onopang'ono, ndipo poti madzi ndi olemera kuposa mafuta, amakakhala pansi penipeni n'kumadya chitsulo mwakachetechete. N'chifukwa chake podipa, kutanthauza poyeza kuchuluka kwa mafuta m'thanki, timapaka mankhwala kunsonga kwa ndodo yoyezera, omwe amasintha mtundu akakhudza madzi. Ndodo yomweyonso, ikamagunda malo amodzimodzi m'mawa uliwonse kwa zaka, imaperepesa chitsulo ngati sanaikepo chotchinjiriza. Nthawi zambiri vuto silikhala thanki yeniyeniyo. Amakhala mapaipi ochokera ku thanki kupita ku pampu, polumikizira pomwe pakhwepa, kapena pakamwa pothirira pomwe mafuta amatayikira pang'ono thankala iliyonse ikamatsitsa.

Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limakwana malita oposa 1,500 pachaka. Pamalo ogulitsa malita masauzande pa tsiku, amenewa ndi malita anayi okha patsiku, ndipo amasowera m'mabuku. Ena amati auluka ndi kutentha, ena amati ndodo yawerengedwa molakwika. Chomvetsa chisoni n'chakuti oyamba kukayikiridwa amakhala anyamata ndi atsikana omwetsa mafuta, mpaka kudulidwa malipiro chifukwa cha shoti yomwe ikumwedwa ndi nthaka.

Pamalo ena mumzinda muno tinafukulapo thanki yomwe inakhala pansi kuyambira kale. Pamwamba dothi linali lofiira bwinobwino. Titafika cha m'chiuno linasanduka lotuwa mobiriwira, lonyowa ngati lathiridwa mafuta dzulo, ndipo fungo linatibaya m'mphuno moti amene anali m'dzenje anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Timadzi tomwe tinasonkhana pansi tinali ndi utawaleza pamwamba. Thanki itakwezedwa, kumimba kwake kunali timabowo tingapo, kena kolowa chala chaching'ono. Dothi lija analikweza m'matipa n'kukakwirira nalo chigwembe kufupi ndi nyumba za anthu, ndipo pofika sabata yotsatira pamalopo panali simenti yatsopano yosalala. Wodutsa lero sangadziwe kanthu.

Mafuta akatuluka m'thanki amatsika m'dothi mpaka akapeze madzi a pansi pa nthaka, n'kuyandama pamwamba pake. Mbali ina imasungunuka m'madzimo n'kumayenda nawo chotsetsereka. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, Ndirande uko, Soche uko, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo chilichonse chotayika kumtunda chimalondola Mudi, Naperi, Nasolo, Likhubula kapena Lunzu. Pansi pathu pali thanthwe la ming'alu, ndipo madzi oyenda m'ming'alu satsata mpanda wa poloti. Mayi aliyense wa ku Bangwe kapena ku Mbayani amadziwa kuti chimbudzi sakumba kumtunda kwa chitsime. Thanki yodontha ndi chimodzimodzi, kungoti mwini chitsime sadziwa kuti ilipo.

Wina anena kuti anthu a m'tauni amamwa madzi a m'mipope. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda uno, ndipo madzi ambiri a Blantyre Water Board amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire, kukwera mtunda wonsewo ndi magetsi. Mipope ikauma, anthu amathamangira ku zitsime, ku mijigo ndi ku akasupe a m'makhwawa. Sukulu, mipingo, malo ogona alendo ndi mabanja opeza bwino akumba mijigo yawoyawo. Onsewa akumwa kuchokera m'nkhokwe imodzi ya pansi pa nthaka.

Mu petulo muli benzene, yomwe imadziwika kuti imayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamayikirogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ngati petulo ali ndi gawo limodzi lokha pa 100 la benzene, lita imodzi ili ndi yokwanira kupyoletsa malirewo m'madzi oposa malita 800,000. Kuwiritsa kapena kuthira kolorini kumapha tizilombo ta kolera, koma sikungachititse chitsime choterocho kukhala chodalirika. Malo akalekale ali ndi vuto linanso: mayiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo mtovu suwola m'nthaka. Kuno kwathu takhalanso tikusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Akatswiri anapeza kuti tizilombo ta m'nthaka timayamba kudya ethanol n'kumaliza mpweya, motero benzene imayenda mtunda wautali isanawole.

Mainjiniya a misewu, apa ndi pomwe nkhaniyi ikukukhudzani mwachindunji. Msewu ukamakula, mapaipi a madzi amasamutsidwa n'kuyalidwa m'ngalande yatsopano m'mphepete, ndipo masiku ano ambiri ndi apulasitiki. Petulo amatha kulowerera khoma la paipi ya pulasitiki yakuda ija popanda bowo lililonse, madzi n'kufika ku kiyosiki akununkha. Ngalande ndi makalavati omwe mumakumba amasandukanso njira yatsopano ya mafuta ndi nthunzi yake. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa imadzala nthunzi yomwe imangodikira kamoto. Dzino la katapila likhoza kuiboola, kapena mnyamata wogula zitsulo zakutha akhoza kuyamba kuidula ndi chopukusira osadziwa kuti m'kati muli chiyani. Nthawi ya kusowa kwa mafuta mathanki ambiri amakhala opanda kanthu kwa masiku, ndipo nthaka ikakhuta madzi monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023, thanki yopepuka yomwe sinamangiriridwe bwino imakankhidwira m'mwamba n'kuthyola mapaipi ake.

Tsono wolipira ndani? Lamulo la Environment Management Act la 2017, lomwe linakhazikitsa MEPA, limatsatira mfundo yoti wowononga ndiye alipire. Mfundoyi ndi yabwino, koma kumupeza wowonongayo pamalo omwetsera mafuta si chinthu chapafupi. Nthawi zambiri malo ndi a munthu wina, mathanki ndi mapampu ndi a kampani ya mafuta, woyendetsa bizinesi ndi wachitatu, ndipo wobweretsa mafuta ndi wachinayi. Mayina nawonso asintha tikuona. Malo a Mobil anapita ku Total, a BP anakhala a Puma, a Caltex anapita ku Engen, ndipo mu 2019 bizinesi ya Engen m'dziko muno inalowa m'manja mwa Vivo Energy. Sindikuloza chala kampani iliyonse mwa amenewa, ndipo makampani akuluakulu ndiwo kawirikawiri amakhala ndi mabuku ndi ndalama zokonzera. Ndikungosonyeza kuti thanki imodzi ikhoza kudutsa m'manja mwa eni angapo, aliyense n'kumati ine ndinapeza zili choncho.

Ondidetsa nkhawa kwambiri ndi malo omwe anatsekedwa kale. Blantyre inayamba mu 1876, njanji inafika mu 1908, ndipo uno ndiwo mzinda wa mafakitale ndi mathiransipoti kuyambira nthawi ya atsamunda. Ku Makata, ku Ginnery Corner, ku Maselema, ku Chirimba ndi ku Limbe, magalaja, madepoti a mabasi ndi malole komanso mafakitale ankakhala ndi mapampu awoawo pabwalo. Ena mwa malo amenewa lero ndi masitolo, otsukirapo magalimoto kapena nyumba zopemphereramo. Pampu inazulidwa, koma kuchotsa thanki kumafuna ndalama, choncho njira yachidule inali kutseka pakamwa pake ndi simenti. Amene ali pamalopo lero mwina anagula kapena kusiyiridwa ndi makolo osauzidwa n'komwe.

Boma likalipira chipukuta misozi chonse n'kutenga malo, mphamvu yokambirana yathera pomwepo. Ndalama zapita, mwina kampani yomwe inali ndi malowo yatsekedwa. Patapita miyezi kontirakitala akukumba n'kupeza thanki ndi dothi lonunkha. Njira zimatsala ziwiri. Yoyamba, ntchito iime, makina akhale, kontirakitala atumize kalata yofuna ndalama zoonjezera za masiku otayika ndi ntchito yomwe sinali m'mgwirizano. Ndalamazo zichokera ku Roads Fund Administration, kutanthauza msonkho womwe wa minibasi ndi wa kabaza wa njinga yamoto amalipira pa lita iliyonse, kapena ku ngongole yomwe adzabweze ana athu. Yachiwiri, yomwe ndimaiopa, ndi yoti woyang'anira ntchito ayang'ane kumbali, akwirire msanga, athire miyala ndi phula. Pamenepo mafuta atsekeredwa pansi pa msewu womwe palibe adzalole kuukumbanso, ndipo azitsikabe kupita kwa anthu a kumunsi. Tsiku lomwe anthuwo adzapite kukhoti, dzina lomwe adzalipeze pa malowo ndi la boma.

Mayiko ena anaphunzira movutikira. Ku America malamulo a mathanki a pansi pa nthaka anatuluka mu 1988, ndipo eni mathanki akale anapatsidwa mpaka Disembala 1998 kuti awakonze, awasinthe kapena awatseke. Chiyambireni, malo opezeka kuti mafuta anatayika apyola 500,000. Mu 1986 anakhazikitsa thumba lapadera loyeretsera malo otere, lomwe limalandira kagawo kamodzi mwa magawo khumi a senti pa galoni iliyonse. Kumeneko kufufuza mbiri ya malo musanagule ndi chizolowezi, ndipo nthambi za misewu zimachita izi mzere wa msewu ukamajambulidwa. Pafupi pompano ku South Africa, gawo la lamulo lawo la zinyalala la 2008 lokhudza malo owonongeka linayamba kugwira ntchito mu 2014. Limaletsa kusamutsa umwini wa malo owonongeka osamuuza wolandirayo, ndipo limalamula kuti pakhale kaundula wa malo oterowo. Ife tili ndi mwayi woyamba mavuto asanachuluke chotero.

Ntchito yoyamba siifuna ndalama zambiri. Pamene mainjiniya akujambula msewu, pakhale munthu woyenda mzere wonse ndi kufufuza kuti poloti iliyonse inkagwira ntchito yanji. Khonsolo ili ndi mapulani omwe inavomereza. MERA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndiyo imapereka ziphaso za malo ogulitsira mafuta. Nthambi yoyeza malo ili ndi mamapu akale ndi zithunzi za m'ndege. Zomwe mapepala aiwala, akuluakulu a m'deralo akuzikumbukira: madalaivala opuma, amakaniko, amfumu, amayi omwe ankagula parafini pamenepo. Pansi pomwe pamaonetsa zizindikiro kwa wodziwa, monga timapaipi totulutsira mpweya tomwe tatsamira khoma, tizivindikiro tachitsulo tozungulira pa simenti, ndi kachitunda komwe panakhala pampu. Pomwe pakayikitsa, abowole, atenge dothi ndi madzi, apite nazo ku labotale. Zimenezi zikhale m'gulu la zofunika mu lipoti la ESIA, lounika momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, lomwe MEPA imavomereza, ndipo zotsatira zifike kwa oyeza mtengo asanalembe chiwerengero chawo.

Pakapezeka kuti mafuta anatayika, mtengo wa malowo uwerengedwe moona, chifukwa ngakhale wogula wamba sangapereke mtengo wa malo abwino pa malo ofunika kuyeretsa. Gawo la chipukuta misozi lisungidwe padera mpaka thanki itachotsedwa ndipo MEPA itatsimikiza kuti ntchito yatheka, zotsala mwini malo alandire. Mgwirizano unene momveka kuti kutenga malo sikumasula amene anawononga. Musaiwale kuti kawirikawiri boma limangodula kachigawo ka kutsogolo, thanki n'kutsala mbali ya mwini malo, pomwe mafuta afalikira mbali zonse ziwiri. Kuyeretsa mbali ya msewu yokha n'kutaya ndalama ngati gwero likudonthabe kuseri kwa mpanda watsopano.

Palinso omwe anamanga m'malire a msewu, omwe pa misewu ikuluikulu ngati M1 ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Oterewa akamachotsedwa popanda chipukuta misozi, palibe ndalama yoti mugwire, ndipo munthu wokwiya amangozula pampu ndi denga n'kusiya thanki. Apa MERA ndiyo ili ndi chingwe. Chiphaso chizipita limodzi ndi chikole kapena inshulansi yoyeretsera malo bizinesi ikatha, ndipo mwini malo aliyense azionetsa zaka za mathanki ake ndi umboni woti anayezedwa kuti sakudontha. Omanga atsopano aziika mathanki a makoma awiri okhala ndi chochenjeza pakati, ndiponso malo atsopano asamavomerezedwe pomwe mukudziwa kale kuti msewu udzadutsa.

Sindikupempha kuti mulange osalakwa. Mayi wamasiye amene wasiyiridwa poloti yokhala ndi thanki yomwe inakwiriridwa iye asanabadwe sayenera kuchoka chimanjamanja. Kwa malo omwe wowononga sakupezeka, pafunika thumba lapadera. Mtengo wa mafuta uli kale ndi misonkho ingapo ndipo anthu atopa nayo, choncho sindikunena zoonjezera wina. Kagawo kakang'ono ka yomwe ilipo kale, kosungidwa poyera ndi kuwerengedwa chaka ndi chaka, kakhoza kuyamba ntchitoyi. Kulipira mwadongosolo lero n'kotchipa kuposa kulipira kontirakitala woimitsidwa, maloya ndi odwala.

Dothi lofukulidwalo liganiziridwenso. Ku Mzedi n'kotayira zinyalala za m'nyumba ndi m'misika, ndipo kuli anthu omwe amatola zinthu ndi manja. Dothi la petulo silingapite kumeneko, kapena kukakwirira zigwembe, kapena kugulitsidwa kwa oumba njerwa. Njira yake ndi yodziwika ndipo si yovuta: kuliyala pamalo otchingidwa pansi kuti madzi asalowerere, kulitembenuza ndi kulithira manyowa kuti tizilombo ta m'nthaka tidye mafutawo, n'kumaliyeza mpaka litayera. Kutentha kwa kuno kumathandiza. Khonsolo ipatule malo amodzi a ntchitoyi, ndipo mtengo wake uzilembedwa m'mgwirizano wa kontirakitala kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi zovala zodzitetezera za okumba ndi lamulo loti akamva fungo aime osaopa kuchotsedwa ntchito.

Anthu okhala kumunsi kwa malo otere auzidwe. Misonkhano yomwe mumachititsa msewu usanayambe imakamba za nyumba zogwetsedwa, fumbi ndi ntchito za achinyamata. Muonjezerepo za madzi. Zitsime ndi mijigo yapafupi ziyezedwe ntchito isanayambe, mogwirizana ndi bungwe la National Water Resources Authority, ndipo zotsatira zimatidwe kwa amfumu, ku sukulu ndi ku ofesi ya khansala, m'Chichewa. Ngati chitsime chapezeka ndi mafuta, anthu apatsidwe madzi ena tsiku lomwelo chisanatsekedwe, chifukwa mayi amene alibe kwina kotunga adzabwerera pomwepo usiku.

Bambo Mfumu ya Mzinda, khonsolo yanu ikhoza kuyamba kaundula wa mathanki onse a pansi pa nthaka mumzinda uno, ogwira ntchito ndi osiyidwa, popanda kudikira lamulo latsopano. Yambani ndi misewu yomwe ili pa ndondomeko yokuzidwa, ndipo kaundulayo aliyense azitha kumuona. Amisiri amene tinaika ndi kukonza mathankiwa tikadalipo, tikukumbukira pomwe ambiri ali, ndipo mukatiitana tidzabwera kudzakulozerani.

Ine wanu,
Mmisiri wa mapampu ndi mathanki a mafuta,
Chirimba, Blantyre